Minibasi Ikakana Kulira M'mawa wa Chisanu

Moni adalaivala amene mwaima pa siteji kudikira kuti minibasi idzaze. Moni makondakitala. Moni amakaniko a ku Ndirande, a ku Biwi ndi a ku Luwinga, amene mukutimva manja ali bii ndi oyilo. Moni inunso mayi amene muli ndi kagalimoto kokaodera katundu wa pa golosale. Sendezani wailesi pafupi.

Lero tikamba za kachitsulo kakang'ono, koonda ngati cholembera. M'mabuku amakatcha glow plug. Ku galaja amati hita pulagi, ena amangofupikitsa kuti mahita. Kachitsulo kameneka kakafa, galimoto yonse ya dizilo imaima, anthu amachedwa ku ntchito, tomato amafika pa msika dzuwa litakwera kale.

Ndiyambe ndi funso. Kodi munayamba mwadzukapo m'mamawa mwezi wa Julayi, kunja kuli zii, mame ali mbuu pa galasi? Mwalowa m'galimoto. Mwapotokola kiyi. Injini yazungulira, yazungulira, osalira. Mwayesanso. Yakhosomola kamodzi, yakhala chete. Kachitatu yalira, koma ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, kumbuyo utsi woyera uli tolo, fungo la dizilo likuwawa m'maso. Patapita kanthawi yakhazikika. Tsiku lonse yayenda bwinobwino. Mukazimitsa masana, ikulira ndi kiyi mmodzi. Mawa m'mawa, nkhani yomweyo.

Ngati mukugwedeza mutu kuvomera, nkhani ya leroyi ndi yanu.

Ine ndinaziona ndi maso. Chaka china tinapita ku maliro ku Dedza, cha ku Bembeke, pa minibasi yahayala yochokera ku Chigwa cha Shire. Dalaivala wake anali munthu wosamala, ndipo ankainyadira galimoto yake. Ankati sinamuvutitsepo n'kamodzi komwe. Sankanama ayi. Koma titagona usiku umodzi m'mapiri muja, m'mawa galimoto inakaniratu. Tinaikankha azibambo, ena titavala majekete a ku maliro, nsapato zikuterereka pa udzu wa mame. Inalira pa ulendo wachitatu. Dalaivala uja anati vuto ndi batire. Atabwerera kwawo anagula batire latsopano, ndalama zambiri ndithu. Atadzagonanso kumalo kozizira, galimoto inakananso. Makaniko atayeza anapeza kuti mwa mahita anayi, atatu anali atafa kalekale. Kwawo kotentha kuja, ku Nchalo, injini inkalira popanda iwo, choncho palibe amene ankadziwa.

Gwirani mfundo imeneyo. Kutentha kumabisa vutoli, chisanu chimaliulula.

Tsopano tiyeni tione chifukwa chake. Injini ya petulo ili ndi mapulagi othetheka. Kamoto kakathetheka, mafuta amayaka. Injini ya dizilo ilibe zimenezo. Imayatsa mafuta ake ndi mpweya wotentha basi. Nzeru imeneyi inachokera kwa Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yake inayamba kugwira ntchito bwino m'chaka cha 1897, ndipo mafutawa timawatchulira dzina lake mpaka lero.

Mwina mukufunsa kuti mpweya ungayatse bwanji moto. Munapopapo njinga? Mukapopa mwamphamvu kwa kanthawi, gwirani kumunsi kwa pampu. Kumakhala kotentha. Palibe moto umene mwayatsa. Mpweya ukapanikizidwa umatentha wokha. M'injini ya dizilo, pisitoni imakwera n'kupanikiza mpweya kwambiri, kuposeratu pampu ya njinga ija, mpaka mpweyawo umatentha koopsa. Panthawi yomweyo nozo imapopera dizilo wosalala ngati nkhungu. Dizilo uja akakumana ndi mpweya wotenthawo, amayaka yekha.

Nanga m'mawa wa chisanu zimakanika pati? Chitsulo chonse cha injini chimakhala chitazizira usiku wonse. Pisitoni ikapanikiza mpweya, kutentha kuja chitsulo chozizira chimakumeza msanga. Zili ngati kuthira madzi otentha pang'ono mu mphika waukulu wozizira. Amangofunda. Dizilo akalowa, sapeza moto woti n'kumuyatsa. Kumapiri zimanyanya, chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopepuka kusiyana ndi wa ku chigwa. N'chifukwa chake madandaulo amenewa mumawamva kwambiri ku Dedza, ku Tsangano, ku Chikangawa, ku Mzuzu, ndi ku Thyolo nthawi ya chiperoni.

Apa ndi pamene hita pulagi imagwira ntchito yake. Kumudzi, moto ukazima usiku, m'mawa amatuma mwana kukapala moto kwa anansi. Amabwera ndi khala limodzi pa phale. Khala limodzi lokha, koma ndi limene limayatsa nkhuni zonse. Hita pulagi ndi khala limenelo. Mukatembenuza kiyi, magetsi a batire amalowa m'kachitsulo kaja, nsonga yake imafiira kuti psuu m'kati mwa injini. Dizilo akafika, amapeza khala likumudikira. Moto ukakolera, injini imadzitenthetsa yokha, ndipo khala lija silifunikanso. N'chifukwa chake masana galimoto ija siivuta.

Silinda iliyonse ili ndi hita yakeyake. Maminibasi athu ambiri, kaya ndi Toyota Hiace, Nissan Caravan kapena Mazda Bongo, ali ndi masilinda anayi, choncho mahita ndi anayi. Taganizani amayi anayi akusinja chimanga pa mtondo umodzi, misi ikutsika mosinthana. Mmodzi akaphonya, kugunda kuja kumasokonekera, ndipo munthu wodutsa pa msewu amamva. Hita imodzi ikafa, silinda imodzi imachedwa kudzuka. Zitatu zikugwira ntchito, imodzi ikungotaya mafuta. Ndiko kunjenjemera kuja. Utsi woyera uja ndi dizilo wosapsa amene akutulukira ku ekizozi. Ndi ndalama zanu zimenezo zikuuluka.

Tisanaimbe mlandu hita pulagi, adalaivala, ndikufunseni kanthu. Mukalowa m'galimoto m'mawa, mumadikira? Pa dashibodi pali kanyale kooneka ngati waya wopotanapotana. Mukatembenuza kiyi koyamba kamayaka. Kakukuuzani kuti khala likufiira, dikirani. Kakazima ndi pamene muyenera kuliza injini. Ambiri sitidikira. Anthu adzaza, mnzako wapita kale, oitanira akumenya chitseko, munthu umangopotokola kiyi mpaka kumapeto. Kenako timati galimoto ili ndi vuto, chikhalirecho sitinaipatse mpata. Mawa kayeseni. Tembenuzani kiyi, dikirani kanyale kazime, ndiye lizani. Kukazizira kwambiri, bwezani kiyi, mutembenuzenso, mudikirenso. Ena mupeza kuti vuto lathera pomwepo, osalipira ngakhale tambala.

Ngati mwadikira koma ikuvutabe, ndiye tiyeni tifufuze. Ndipo ndikuti tifufuze, osati tigule. Safunsa anadya phula. Mnzathu wa ku Nchalo uja anagula batire asanafunse.

Mvetserani kaye mmene injini ikuzungulirira. Ngati ikuzungulira mwaulesi, ngati ikukoka mwendo, nyale za pa dashibodi zikuchita chizimezime, yang'anani batire ndi mitu yake, kapena sitata. Injini ya dizilo imafuna kuzungulira mwaliwiro kuti mpweya utenthe. Koma ngati ikuzungulira mwamphamvu, utsi woyera ukutuluka, osalira, ndiye kuti mafuta akufika koma moto palibe. Pamenepo kaikirani mahita. Nanga ngati ikuzungulira mwamphamvu koma utsi palibiretu? Ndiye kuti mwina mafuta sakufika. Onani fyuluta, onani ngati mpweya sunalowe m'mapaipi a dizilo. Ndipo ngati galimoto ikuvuta kulira ngakhale itatentha, masana dzuwa lili pamutu, musataye ndalama pa mahita. Vuto lili kwina.

Ndibwereze, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Kuvuta m'mawa mokha, utsi woyera, kunjenjemera kwa kanthawi kochepa: kaikirani mahita. Kuvuta nthawi zonse: fufuzani kwina.

Tsopano kuyeza. Sikovuta, ndipo makaniko aliyense wodziwa ntchito yake angakuchitireni inu mukuona. M'maminibasi ambiri injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, pamene okwera amadandaula kutentha paja. Mukatukula mpando, muona timitu ta mahita tili pa mzere, pafupi ndi manozo, tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi kaphanthiphanthi kapena waya.

Choyamba, kodi magetsi akufika? Tengani tesita, kanyale koyezera magetsi kaja. Kopanira kake kagwire chitsulo cha injini, nsonga yake ikhudze kachitsulo kolumikiza mahita. Injini ikhale yozizira. Mnzanu atembenuze kiyi. Kanyale kayake, ndipo mumve kuti "tcha" chapafupi. Imeneyo ndi relay, chotsegulira magetsi opita ku mahita. Ngati kanyale sikayaka, mahita angakhale abwinobwino onse anayi, koma sakulandira chakudya. Onani fyuzi, onani relay, onani mawaya. Mahita anayi safa tsiku limodzi. Galimoto imene dzulo inalira bwino, lero n'kukaniratu, kawirikawiri vuto limakhala pa njira ya magetsi. Ndipo musanamizidwe ndi kanyale ka pa dashibodi. M'magalimoto akale kamayaka n'kuzima monga mwa nthawi zonse, ngakhale mahita onse atafa.

Chachiwiri, yezani hita iliyonse payokha. Zimitsani kiyi. Masulani kachitsulo kolumikiza kaja, apo ayi yamoyo idzabisa yakufa. Tsopano kopanira ka tesita kagwire mutu wa batire wa pulasi. Nsonga ikhudze mutu wa hita yoyamba. Kanyale kakayaka, waya wa m'kati mwake ngwamoyo. Kakapanda kuyaka, hita imeneyo yafa. Pitani pa yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Amene muli ndi mita yoyezera magetsi mudziwa bwino koposa, chifukwa mita imaonetsanso hita imene yayamba kufooka. Zonse zinayi ziziwerenga mofanana. Imene yasiyana ndi zinzake, ndiye wodwala wanu.

Mwaona? Simunamasule kalikonse kakakulu. Simunagule kanthu. Koma mwadziwa.

Ndisanafike pochotsa, ndikambeko zimene timachita pa siteji m'malo mokonza. Ndikamba mosabisa mawu, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi.

Ena timakankha. Tsiku limodzi, pangozi, n'zomveka. Koma pali magalimoto amene mwini wake amawagoneka pa chitsikiro usiku uliwonse, mwala pa tayala, kuti m'mawa angowatsetsereka. Tsiku lina chitsikiro chimatha injini isanalire, ndipo galimoto imakaima pakati pa msewu, m'bandakucha, nkhungu ili mbuu. Mabuleki a galimoto yozima ndi olimba ngati mwala. Anyamata amene akukankha kumbuyo ndi ana a anthu.

Ena timangogwira kiyi osasiya, sitata ikulira mpaka kununkha. Batire limatha mphamvu. Sitata imapsa. Ndipo dizilo wosapsa uja satulukira ku ekizozi yekha ayi. Wina amatsika m'mbali mwa pisitoni, n'kutsuka oyilo amene amateteza chitsulo, n'kukasakanikirana ndi oyilo wa pansi. Injini imadyeka pang'onopang'ono m'mawa uliwonse.

Ena ndiye timachita zoopsa. Kunyika kansanza m'petulo n'kuika pakamwa polowera mpweya. Kupopera mankhwala a m'chitini oyaka msanga, ngakhale ophera udzudzu amene. Kuyatsa pepala n'kulozetsa momwemo. Abale anga, taganizani. M'kati muja mwina muli hita imodzi kapena ziwiri zamoyo, zofiira ngati khala. Inu mukuthiramo petulo. Moto umayaka nthawi yake isanakwane, pisitoni ikadali kukwera. Kugogoda kumene mumamva kuja ndi chitsulo chikumenyedwa. Maring'i amathyoka. Nthawi zina moto umabwerera kumene kuli dzanja la munthu, ndipo kumbukirani kuti injiniyo ili m'kati mwa galimoto, pansi pa mpando. Anthu amati galimoto ikazolowera kupoperedwa siilira popanda kupopera. Sikuzolowera ayi. Ndi kuwonongeka. Yataya mphamvu yopanikiza mpweya, ndipo tsopano vuto silinso la mahita.

Palinso nkhani ya batani. Relay kapena chowerengera nthawi yotenthetsera mahita chikafa, amakaniko ena amalumikiza waya n'kuika batani pa dashibodi kuti dalaivala azidina yekha. Zimagwira ntchito, sindikana. Koma batani silidziwa kuwerenga. Limadalira chala cha munthu. Lero akuyendetsa mwini wake, amadina pang'ono n'kusiya. Mawa akuyendetsa waganyu, amadina uku akucheza ndi kondakitala. Hita ikapsa mopitirira, nsonga yake imatupa. Sungani mawu amenewo, kutupa kwa nsonga, chifukwa tikumana nawo posachedwa.

Tafika pa gawo limene ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Kuchotsa hita yakufa.

Poyang'ana, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kumasula, kuchotsa, kuika ina. Nthawi zambiri zimaterodi. Koma hita pulagi ndi yoonda, ndipo m'kati mwake ndi mwamphako. Yakhala m'moto zaka zambiri. Magalimoto athu ambiri amabwera atagwirapo kale ntchito ku Japan, n'kudzera pa doko la Dar es Salaam, n'kudzagwiranso ntchito kuno zaka zina. Pena mahita ake sanakhudzidwepo chituluke ku fakitale. Dzimbiri lagwira kunja, mwaye wauma m'kati. Mukaikakamiza, imathyoka. Theka limatsalira m'dzanja lanu, theka m'hedi ya injini. Ntchito ya m'mawa umodzi yasanduka ya sabata. Mwayi ukasowa, hedi yonse iyenera kutsitsidwa kupita kwa amakina, gasiketi yatsopano, galimoto ili pa galaja, mwini wake akuwerenga masiku amene sinalowetse ndalama.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa ntchito imeneyi mwambiwu ndi malangizo enieni.

Yambani masiku angapo ntchito isanachitike. Madzulo alionse thirani mafuta omasulira dzimbiri patsinde pa hita iliyonse, injini ikadali yofunda. Galimoto iziyenda monga mwa masiku onse. Kutentha ndi kuzizira kumathandiza mafutawo kulowerera. Tsiku la ntchito, lizani injini itenthe, muzimitse, mudikire pang'ono kuti musapse manja. Chitsulo chofunda chimalola kusiyana ndi chozizira. Chotsani waya wa mainasi ku batire. Pukutani ndi kuuzira fumbi lonse lozungulira hita, kuti mchenga usagwere m'bowo.

Gwiritsani sipanala ya bokosi yaitali, yokwana bwinobwino, yokhala ndi chogwirira chachifupi. Chachifupi, ndabwereza dala. Mukaona mnyamata wa pa galaja akutola paipi kuti awonjezere mphamvu, muimitseni pomwepo. Paipi ndi ya manati a matayala. Pa hita pulagi, paipi ndi imene imathyola. Potokolani pang'ono. Ikasuntha, bwezani pang'ono, thirani mafuta, potokolaninso. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, ngati mukuzula chinangwa pa nthaka youma osafuna kuti chidukire pansi. Ikalira kuti kwii, ikukuchenjezani. Ikakaniratu, isiyeni. Bwezerani zonse, thirani mafuta, yendani masiku ena, mudzayesenso. Galimoto ya mahita atatu amoyo imayenda. Ya hedi yotsitsidwa siyenda.

Pali msampha wina. Hita yamasuka, mathiredi onse atuluka, ikuzungulira momasuka, koma ikukana kutuluka m'bowo. Ndi kutupa kwa nsonga kuja, kapena mwaye wauma mozungulira. Apa mtima umafuna kutenga pulayazi n'kukoka mwamphamvu, kapena kutema ndi sikuludalaivala. Musatero. Nsonga ikadukira m'kati, ingagwere kumene kumayenda pisitoni. Pitirizani kuthira mafuta, kuzunguza, kukoka pang'onopang'ono. Ndipo ngati yatuluka ili yoduka nsonga, musalize injini. Ndibwereze: musalize injini. Kachitsulo kakang'ono kaja pisitoni ikakamenya, kamaboola pisitoni, kamapinda mavavu. Itanani makaniko wodziwa, afufuze kumene kapita.

Amakaniko, mawu awa ndi anu. Mwini galimoto akamakufulumizitsani kuti akufuna ikagwire ulendo wa masana, muuzeni zoona musanagwire sipanala. Muuzeni kuti mahitawa ndi akale, angathe kuthyoka, ndipo mukufuna nthawi. Munthu wochenjezedwa sakwiya ngati wodzidzimutsidwa. Inunso eni galimoto, makaniko akakuuzani kuti mubwere mawa atathira mafuta, si ulesi. Akukusungirani hedi yanu.

Hita yakale ikatuluka, musaitaye msanga. Iyang'aneni, ili ndi uthenga. Ngati nsonga yake ndi yosalala, yangoda chabe, ndiye kuti yangokalamba. Ngati yatupa, inkalandira magetsi ochuluka kapena kwa nthawi yaitali, choncho fufuzani relay kapena batani lija. Ngati nsonga yadyeka kapena yasungunuka, kaikirani nozo ya silinda imeneyo kuti ikudontha m'malo mopopera, kapena pampu ikutumiza mafuta pa nthawi yolakwika. Mukangoika hita yatsopano osakonza chimene chinapha yakale, miyezi ingapo mudzabweranso.

Tsopano kogula. Nyamulani hita yakale m'thumba popita ku sitolo, kaya ndi ku Limbe kapena ku Malangalanga. Pathupi pake pamalembedwa nambala ndi mphamvu ya magetsi imene imalandira. Apa ambiri amagwa. Mahita awiri angafanane kutalika, angafanane mathiredi, n'kulowa bwinobwino pa bowo limodzi, koma osafanana magetsi. Malole ambiri ali ndi mabatire awiri, ndipo mahita ake ndi a magetsi ochuluka. Mukaika amenewo pa minibasi ya batire limodzi, sadzafiira, adzangofunda. Palinso mahita ena opangidwa kuti azifiira msangamsanga ndi magetsi ochepa, moyang'aniridwa ndi chowerengera nthawi. Amenewo mukawapatsa mphamvu yonse ya batire kudzera pa batani, amapsa masiku ochepa. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi bola yalowa, werengani nokha zolembedwazo. Dziwaninso dzina la injini yanu. Hiace ya injini ya 5L si imodzi ndi ya 2KD, ndipo Caravan ya TD27 si imodzi ndi ya ZD30.

Makampani odziwika opanga mahita alipo, monga NGK, Denso ndi Bosch. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lokongola limakoperedwa mosavuta. Mtengo ukatsika mokayikitsa, dzifunseni chifukwa chake. Hita yachinyengo siimangofa msanga, imatha kutupa kapena kudukira m'kati, n'kukubweretserani vuto lija takambali. Mahita akale ogula kwa ophwasula magalimoto nawonso yezani musanalipire.

Kodi musinthe imodzi kapena zonse? Maganizo anga ndi akuti zonse zinayi, ngati thumba likulola. Zinalowa tsiku limodzi, zagwira ntchito yofanana. Imodzi ikafa, zinzake zili m'njira. Koma ndikudziwa mmene zinthu zilili. Ngati ndalama ndi ya imodzi, sinthani yakufayo, muyeze zotsalazo chisanu chisanafike. Ndipo ngati ina yamoyo yakakamira, musaithyole chifukwa chongofuna kuti zonse zikhale zatsopano.

Poika yatsopano, yeretsani bowo, mwaye wonse uchoke. Yambani kumanga ndi zala, osati sipanala. Ikakana ndi zala, ndiye kuti yalowa mopendama, bwezani muyambenso. Pomaliza mangani ndi sipanala pang'ono chabe, ingokhazikika. Kanati kakang'ono ka pamwamba kogwira waya, kameneko ndiye samalani koposa. Mukakamanga mwankhanza mumapotokola waya wa m'kati, hita yatsopano n'kufa isanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Palani dzimbiri pa kachitsulo kolumikiza kaja kuti magetsi adutse bwino. Bwezerani waya wa batire.

Amene muli ndi magalimoto atsopanoko, oyendetsedwa ndi kompyuta, anu savuta kwambiri m'mawa ngakhale hita itafa, chifukwa amapopera dizilo mwamphamvu kwambiri, molunjika pa pisitoni. Koma mahita ake amapitiriza kutentha kwa kanthawi injini italira, kuti utsi uchepe. Pa ena, kanyale kopotana kaja kakamaphethira muli pa ulendo, sikunena za mahita okha, kakunena kuti kompyuta yaona vuto penapake m'injini. Kapimitseni pa makina. Musayese mahita amenewo pa batire mwachindunji, ena mwa iwo amapsa nthawi yomweyo.

Mwasintha. Tsopano musayese masana, chifukwa masana ngakhale yodwala imalira. Igonekeni panja usiku wonse. M'mawa, mame akadali pa galasi, lowani. Tembenuzani kiyi. Yang'anani kanyale. Dikirani kazime. Lizani. Ikalira nthawi yomweyo, osanjenjemera, utsi wochepa n'kutha msanga, ntchito yatheka. Ikavutabe, mahita ali bwino, magetsi akufika, batire lili ndi mphamvu, ndiye pemphani makaniko ayeze mphamvu imene masilinda akupanikizira mpweya, ayezenso manozo. Injini yotopa, ya maring'i odyeka, khala lokha silingaidzutse, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi muli pakhomo kusiyana ndi kuzidziwira pa Chikangawa usiku.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Adalaivala amene minibasi yadzaza, yendani bwino, mukafike. Enanu tsalani bwino.